Njira zothimitsira kiyibodi ya laputopu ikawonongeka ndi zoyenera kusamala

Laputopu yomwe kiyibodi yake yawonongeka siyenera kutsekeredwa m'kabati kudikira ndalama zogulira ina, chifukwa nthawi zambiri ikhoza kupitiriza kugwira ntchito ngati kiyibodi yowonongekayo yathimitsidwa ndipo m'malo mwake mwalumikizidwa ina yapadera.

Vutoli limabwera m'njira zosiyanasiyana. Batani limodzi limatha kukanirira n'kumalemba chilembo chimodzimodzi mosalekeza, mabatani ena amangosiya kugwira ntchito, ndipo nthawi zina kompyuta imatsegula kapena kutseka mapulogalamu popanda woikhudza.

Kwa wogwira ntchito m'boma, izi zikhoza kudzetsa mavuto aakulu kuposa kuchedwetsa kalata. Batani la nambala likakanirira pomwe munthu akulemba ndondomeko ya chuma, manambala amasintha iye osazindikira. Batani la Delete likhoza kufufuta zolembedwa. Ndipo ngati chilembo chosafunika chikulowerera m'mawu achinsinsi otsegulira kompyuta, makinawo akhoza kumutsekera kunja mwini wake atayesa kangapo.

Kulumikiza kiyibodi yapadera pakokha sikuthetsa vutoli. Kompyuta imalandira malamulo kuchokera ku makiyibodi onse awiri nthawi imodzi, choncho batani lokanirira limapitirizabe kusokoneza ngakhale munthu akulemba pa kiyibodi yatsopano. Ichi ndicho chifukwa chake yakaleyo imayenera kuthimitsidwa.

Zoyenera kuyamba kufufuza

Si kiyibodi iliyonse yolemba zosayembekezereka yomwe imakhala yowonongeka. Pa malaputopu ang'onoang'ono omwe alibe mabatani a manambala kudzanja lamanja, batani la Num Lock likayatsidwa mwangozi, zilembo U, I ndi O zimatulutsa 4, 5 ndi 6, pomwe J, K ndi L zimatulutsa 1, 2 ndi 3. Kulithimitsa batanilo kumathetsa vuto lonse.

Windows ilinso ndi njira ziwiri zothandizira anthu olumala zomwe zimayatsika mosavuta. Sticky Keys imayamba munthu akadina Shift kasanu motsatizana, ndipo Filter Keys imayamba akadinikiza Shift ya kumanja kwa masekondi 8. Filter Keys ikayaka, kompyuta imanyalanyaza mabatani odinidwa mofulumira, moti munthu amaganiza kuti kiyibodi yafa. Zonse ziwiri zimathimitsidwa mu Settings, pa gawo la Accessibility mu Windows 11 kapena Ease of Access mu Windows 10.

Chinanso ndi kasanjidwe ka zilembo. Pa kasanjidwe ka ku America, Shift ndi 2 zimatulutsa chizindikiro cha @, pomwe pa ka ku Britain mabatani omwewo amatulutsa chizindikiro chogwirira mawu. Kudina batani la Windows pamodzi ndi Space kumasintha kasanjidweka ngati m'kompyutamo muli mitundu yoposa umodzi.

Fumbi, nyenyeswa za chakudya ndi tizirombo ting'onoting'ono nazonso zimalowa pansi pa mabatani. Kuthimitsa laputopu, kuipendeketsa ndi kupemerera m'mipata ya mabatani ndi mpweya wa m'chitini wopangidwira ntchitoyi kumathandiza nthawi zambiri.

Koma pali zinthu ziwiri zomwe kuthimitsa kiyibodi sikungathetse. Choyamba ndi madzi, tiyi kapena zakumwa zina zomwe zatayikira pa laputopu. Zikatero, laputopu iyenera kuthimitsidwa nthawi yomweyo, kuchotsedwa ku magetsi ndi kuperekedwa kwa katswiri, chifukwa madziwo amafika pa bolodi yaikulu ya m'kati n'kuyambitsa dzimbiri, ndipo shuga wa mu tiyi amamata mabatani akauma.

Chachiwiri ndi batire lotupa. Ngati kiyibodi kapena touchpad yatukuka, kapena laputopu sikutsekeka bwino, n'kutheka kuti batire lafufuma ndipo likukankha kuchokera pansi. Batire lotere likhoza kuyaka moto, choncho laputopuyo siyenera kutchajidwa kapena kugwiritsidwa ntchito mpaka batirelo litasinthidwa.

Kukonzekera

Asanathimitse kiyibodi ya m'kati, munthu ayenera kukhala ndi kiyibodi ina yomwe waiyesa kale ndipo ikugwira ntchito. Ya chingwe cha USB ndiyo yodalirika kwambiri, popeza ya Bluetooth nthawi zambiri siyamba kugwira ntchito Windows isanatseguke. Ndi bwinonso kukhala ndi mausi ya USB pafupi, pa chifukwa chomwe chifotokozedwe m'munsimu.

Mafayilo ofunika ayenera kukoperedwa pamalo ena, ndipo ndi chanzeru kupanga restore point, yomwe imalola kubwezera Windows momwe inalili zinthu zikasokonekera.

Ngati laputopu ili ndi chitetezo cha BitLocker, chomwe chimabisa zonse za m'kompyuta kwa anthu osaloledwa, nambala yake yopulumutsira ya manambala 48 iyenera kudziwika komwe ili. Kusintha zinthu mu BIOS kapena m'kati mwa makina kumachititsa kuti kompyuta nthawi zina ifunse nambalayi, ndipo popanda iyo mafayilo sangatseguke.

Pomaliza, ndi kofunika kudziwa kiyibodi ya pa sikirini, yomwe imadinidwa ndi mausi. Imatseguka podina mabatani a Windows, Ctrl ndi O pamodzi, ndipo imapezekanso pa kachizindikiro ka Accessibility kamene kamakhala pakona ya sikirini yolembapo mawu achinsinsi. Iyi ndiyo imapulumutsa munthu makiyibodi onse awiri akakana.

Chifukwa chake n'zotheka kuthimitsa imodzi yokha

Kusiyana kwa makiyibodi awiriwa kunayambira kutali. M'chaka cha 1984, kampani ya IBM inatulutsa kompyuta ya PC/AT yomwe kiyibodi yake inkayendetsedwa ndi kachipangizo ka Intel 8042. M'chaka cha 1987 kampani yomweyo inatulutsa makompyuta a Personal System/2, komwe kunachokera dzina loti PS/2.

Ngakhale padutsa zaka pafupifupi 40, malaputopu ambiri amakono amalankhulabe ndi kiyibodi yawo ya m'kati motsanzira njira yakaleyi. N'chifukwa chake Windows imaitchula kuti Standard PS/2 Keyboard, ndipo kapulogalamu koiyendetsa, komwe pa Chingerezi amati driver, kali ndi dzina loti i8042prt.

Kiyibodi ya USB kapena ya Bluetooth imadzera njira ina ndipo imaoneka ndi dzina loti HID Keyboard Device. Popeza njira zake n'zosiyana, kutseka imodzi sikukhudza inzake.

Komabe pa malaputopu ena atsopano, kuphatikizapo a Microsoft Surface, kiyibodi ya laputopu nayo imaoneka ngati HID Keyboard Device. Zikatero, njira yozisiyanitsira ndi kuzula kiyibodi yapadera n'kuona dzina lomwe lasowa pamndandanda. Lotsalalo ndilo la kiyibodi ya m'kati.

Njira yoyamba: Device Manager

Iyi ndi njira yosavuta koma yosakhalitsa. Munthu amadina batani la Start ndi mbali ya kumanja ya mausi, n'kusankha Device Manager, kenaka kutsegula gawo la Keyboards. Akadina dzina la kiyibodi ya m'kati ndi mbali ya kumanja ya mausi, pamatuluka mndandanda wa zochita.

Ngati pamndandandapo pali Disable device, ntchito yathera pomwepo, ndipo kiyibodiyo ikhoza kudzabwezeretsedwa posankha Enable device. Koma pa malaputopu ambiri mawuwa sapezeka, chifukwa Windows imaona kiyibodi ya PS/2 ngati chipangizo chomwe kompyuta singachite popanda icho.

Chomwe chimapezeka ndi Uninstall device, chomwe chimachotsa kiyibodiyo pamndandanda wa zipangizo. Vuto lake ndi loti kompyuta ikathimitsidwa n'kuyatsidwanso, Windows imaizindikira kiyibodiyo n'kuibwezeretsa yokha. Pa makompyuta ena kuchotsako sikuyamba n'komwe kugwira ntchito mpaka kompyuta itayatsidwanso, ndipo pofika nthawiyo kiyibodi imakhala yabwerera kale.

Njira yachiwiri: kuletsa Windows kuibwezeretsa

Pofuna kuti kiyibodi isabwerere, Windows iyenera kuuzidwa kuti isalandirenso chipangizocho. Izi zimachitika kudzera mu Group Policy, yomwe imapezeka mu Windows ya mtundu wa Pro, Enterprise ndi Education, koma mu mtundu wa Home mulibe.

Choyamba ndi kupeza chizindikiro cha kiyibodiyo. Mu Device Manager, munthu amatsegula Properties ya kiyibodi, n'kupita pa Details, kenaka kusankha Hardware Ids. Pamatuluka mizere ingapo, ndipo wa pamwamba ndiwo woyenera kukopera, popeza ndi womwe umalozera chipangizocho mwachindunji.

Kenaka amadina mabatani a Windows ndi R, n'kulemba gpedit.msc. M'menemo amatsata Computer Configuration, Administrative Templates, System, Device Installation, mpaka kufika pa Device Installation Restrictions. Lamulo lofunika ndi lomwe lalembedwa kuti Prevent installation of devices that match any of these device IDs.

Lamuloli liyenera kuikidwa pa Enabled, ndipo mzere wokoperedwa uja uikidwe m'bokosi lomwe limatseguka podina Show. Palinso kabokosi kena kolamula kuti chiletsocho chikhudzenso zipangizo zomwe zili kale m'kompyuta, ndipo nako kayenera kuchongedwa. Zikatha izi, kiyibodi ichotsedwe mu Device Manager ndipo kompyuta iyatsidwenso.

Ubwino wa njirayi ndi woti imakhudza chipangizo chimodzi chokha. Pofuna kubwezeretsa kiyibodi, lamulo lija limaikidwa pa Not Configured ndipo kompyuta imayatsidwanso. Pa makompyuta olumikizidwa ku netiweki ya ofesi, malamulo a Group Policy nthawi zambiri amayendetsedwa ndi woyang'anira netiwekiyo, choncho iye ndiye woyenera kuwasintha.

Njira yachitatu: kuimitsa driver

Njirayi imagwira ntchito ngakhale mu Windows ya mtundu wa Home, koma imafuna kusamala kwambiri. Munthu amatsegula Command Prompt posankha Run as administrator, ndipo asanasinthe kanthu amalemba lamulo ili:

sc qc i8042prt

Kompyuta imaonetsa momwe driver imayambira, pa mzere wa START_TYPE. Zomwe zalembedwa pamzerewu ziyenera kusungidwa papepala kuti zidzathandize pobwezeretsa. Kenaka amalemba:

sc config i8042prt start= disabled

Mpata womwe uli pambuyo pa chizindikiro cha = uyenera kusiyidwa momwemo. Kompyuta ikayatsidwanso, kiyibodi ya m'kati imakhala itasiya kugwira ntchito. Pobwezeretsa, lamulo lomweli limalembedwanso, koma m'malo mwa disabled mumaikidwa mawu ogwirizana ndi zomwe zinasungidwa papepala, monga demand ngati panalembedwa DEMAND_START kapena system ngati panalembedwa SYSTEM_START.

Chenjezo lalikulu ndi loti driver yomweyi imayendetsanso touchpad pa malaputopu omwe touchpad yake imadzera njira ya PS/2. Pa makina otere, kiyibodi ndi touchpad zimazima limodzi, ndipo amene alibe mausi ya USB amasowa pogwira. Njirayi siithandizanso ngati kiyibodi ya m'kati ili ya mtundu wa HID.

Njira zoyenera kupewa

Pa intaneti pamapezeka malangizo oti munthu aike dala driver yolakwika pa kiyibodi kuti ileke kugwira ntchito. Njirayi ndi yoopsa chifukwa driver yosagwirizana ndi makina ikhoza kuzimitsanso touchpad kapena kuchititsa kuti Windows ilephere kutseguka.

Palinso timapulogalamu taulere tambiri tolonjeza kutseka kiyibodi ndi batani limodzi. Pulogalamu iliyonse yolamulira kiyibodi imatha kuona chilichonse chomwe munthu akulemba, kuphatikizapo mawu achinsinsi. Pa kompyuta ya boma, pulogalamu yosadziwika gwero lake siyenera kuikidwa.

Ngati lovuta ndi batani limodzi

Pomwe batani limodzi lokha ndilo likusokoneza, sipafunika kuthimitsa kiyibodi yonse. Kampani ya Microsoft ili ndi pulogalamu yaulere ya PowerToys, momwe muli gawo la Keyboard Manager. Gawoli limalola kuthimitsa batani limodzi kapena kupereka ntchito yake kwa batani lina lomwe siligwiritsidwa ntchito kawirikawiri.

Malire ake ndi oti kusinthako kumakhudza makiyibodi onse olumikizidwa ku kompyutayo, kumagwira ntchito pokhapokha PowerToys ili yoyaka, ndipo sikufika pa sikirini yolembapo mawu achinsinsi.

Linux ndi Mac

Pa makompyuta a Linux omwe amagwiritsa ntchito X11, lamulo loti xinput list limaonetsa zipangizo zonse ndi manambala ake. Kiyibodi ya m'kati nthawi zambiri imatchedwa AT Translated Set 2 keyboard. Kulemba xinput disable motsatiridwa ndi nambala yake kumaithimitsa mpaka munthu atatuluka kapena kuyatsanso kompyuta, ndipo xinput enable imaibwezeretsa.

Lamuloli silithimitsa kiyibodi pa makompyuta omwe amagwiritsa ntchito Wayland, yomwe Ubuntu inaisankha kukhala njira yake yoyamba kuyambira mu mtundu wa 21.04 m'chaka cha 2021. Pamenepa njira yokhalitsa ndi kuwonjezera mawu oti i8042.nokbd pa malamulo oyatsira kompyuta mu GRUB, ntchito yomwe ndi yoyenera katswiri.

Pa malaputopu a Apple, macOS ilibe malo othimitsira kiyibodi ya m'kati. Ambiri amagwiritsa ntchito pulogalamu ya Karabiner-Elements, yomwe imathimitsa kiyibodi ya laputopu pomwe yapadera yalumikizidwa, n'kuibwezeretsa yapaderayo ikachotsedwa.

Malire a njira zonsezi

Njira zonse zomwe zafotokozedwazi zimayamba kugwira ntchito Windows, Linux kapena macOS ikatseguka. Nthawi yochepa yomwe kompyuta ikungoyaka kumene, kiyibodi ya m'kati imakhala ikugwirabe ntchito pansi pa BIOS kapena UEFI. Choncho ngati batani lokanirira likuchititsa kuti laputopu izilira poyaka, izilowa yokha mu BIOS, kapena izisokoneza nambala ya BitLocker, vutolo lipitirirabe.

Zikafika pamenepa, chotsala ndi kumasula kachingwe kopyapyala kolumikiza kiyibodi ku bolodi yaikulu. Ntchitoyi ndi ya katswiri, chifukwa kachingweko ndi kotsekera kake zimathyoka msanga, ndipo batire liyenera kuyamba lamasulidwa. Pa malaputopu ambiri atsopano, batani loyatsira lili m'gulu la mabatani a kiyibodi ndipo limadzera pa kachingwe komweko, moti kukamasula kumatanthauza kuti laputopuyo siyakanso mwa njira yachizolowezi.

Kuthimitsa kiyibodi kukhozanso kuchotsa mabatani owonjezera kuwala kwa sikirini ndi kukweza mawu, ngakhale zinthuzi zimatheka kusinthidwa ndi mausi. Komanso laputopu yotere imavuta kuyenda nayo kumisonkhano ndi kuntchito za kumadera, popeza kiyibodi yapadera iyenera kunyamulidwa paliponse.

Pa zifukwa izi, kuthimitsa kiyibodi ndi njira yodikirira chabe pomwe kiyibodi yatsopano ikufunidwa. Pa malaputopu ena a m'maofesi, monga mitundu yambiri ya Lenovo ThinkPad, kiyibodi imagwidwa ndi tizitsulo tomangira tochepa ndipo imasinthidwa payokha. Pa ena, makamaka opyapyala, inakhomereredwa ku chivundikiro cha pamwamba, moti chivundikiro chonsecho chimayenera kusinthidwa, zomwe zimakweza mtengo.

Nthawi zina vuto limakhala la kufakitale osati la wogwiritsa ntchito. Kiyibodi ya mtundu wa butterfly yomwe kampani ya Apple inayamba kuika pa malaputopu ake m'chaka cha 2015 inkakanirira kapena kubwereza zilembo fumbi likalowa pang'ono. M'chaka cha 2018 kampaniyo inayamba kukonza makiyibodiwa mwaulere, inawasiyiratu m'chaka cha 2020, ndipo m'chaka cha 2022 inavomera kulipira ndalama zokwana madola 50 miliyoni kwa ogula a ku America omwe anaisumira, ngakhale sinavomere kuti inalakwa. N'chifukwa chake ndi bwino kuyamba kufufuza ngati laputopu idakali pa chitsimikizo cha wogulitsa, popeza kuitsegula mwawekha kukhoza kuthetsa chitsimikizocho.

Laputopu ya boma

Laputopu yomwe wogwira ntchito wapatsidwa ndi unduna kapena dipatimenti ndi katundu wa boma, ndipo kusintha kayendetsedwe kake kuyenera kudzera kwa ofesala woona za makompyuta. Pafupifupi njira zonse zomwe zatchulidwa pamwambapa zimafuna mphamvu za administrator, zomwe m'maofesi ambiri zimakhala m'manja mwa ofesalayu.

Kupita ndi laputopu yotere kwa okonza a m'misika kumaika pachiswe zikalata za boma ndi mbiri za anthu zomwe zili m'katimo. Malawi ili ndi lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016, lomwe limaletsa kulowa m'makompyuta ndi kuona zosungidwamo popanda chilolezo, komanso lamulo la Data Protection Act la 2024, lomwe limapereka udindo kwa mabungwe osunga mbiri za anthu kuti aziziteteza. Ngati laputopu ikuyenera kutuluka mu ofesi kukakonzedwa, ofesala wa makompyuta ndiye woyenera kuonetsetsa kuti mafayilo achotsedwamo kapena atetezedwa.

Ndi kofunikanso kulemba m'kaundula wa katundu njira yomwe yagwiritsidwa ntchito pothimitsa kiyibodi, ndi kumata kapepala kofotokoza izi pa laputopuyo. Ogwira ntchito m'boma amasamutsidwa, ndipo wolandira laputopuyo akhoza kuiona ngati yakufa. Ngakhale katswiri akaikamo kiyibodi yatsopano, iyo sigwira ntchito mpaka lamulo la Group Policy kapena la driver litachotsedwa, ndipo popanda cholembedwa chilichonse ofesi ikhoza kutaya nthawi ndi ndalama kufunafuna vuto lomwe palibe.